Mchenga wa pansi pa thanki ya nsomba za madzi amchere: mafunso amene mumandifunsa kuno ku Tete

Anthu akabwera kunyumba kwanga kuno ku Moatize n'kuona tinsomba tiwiri ta orenji tikusewera m'galasi, funso loyamba limakhala loti kodi zimenezi zimadyedwa, lachiwiri n'loti ndinaononga ma meticais angati (limenelo sindiyankha mayi akunyumba ali pafupi), koma amene afunadi kuyamba nawo onse amadzafika pa nkhani ya mchenga. Ine kwathu ndi ku Ulongwe, ndinakula ndikudziwa matemba ndi milamba basi, za nsomba za ku nyanja ya mchere ndaphunzira ndi misozi, nde apa ndasonkhanitsa mafunso omwe amabwerabwera kuti ndisamangobwereza zomwezomwezo pa foni.

Mchenga ndi mchenga basi, bwanji osangokatapa ku Zambezi kapena ku Revúbuè?

Aaa achimwene, inenso ndinaganiza chonchi, ndipo ndinakatapadi matumba awiri kumunsi kwa mlatho, waulere, ndikudziona ngati wochenjera kuposa azungu onse ogula mchenga ndi ndalama. Mchenga wa mumtsinje wathu wambiri ndi wa quartz, mwala wouma uja wonyezimira, ndipo umabwera ndi matope, dothi la m'minda ya kumtunda, zonyansa za anthu ochapa ndi ng'ombe zomwa madzi, kuphatikizapo tinjere takuda tachitsulo. Tengani maginito muyendetse pa mchenga wouma wa ku Zambezi muone, imatuluka itamera ndevu zakuda. Tinjere timeneto tikalowa pakati pa galasi ndi maginito yopukutira galasi la thanki, galasi limakalika mzere kuchokera uku kukafika uko, ndipo mzerewo suchoka, wanga ulipobe mpaka lero kumbali ya kumanzere, ndimaubisa ndi mwala.

Chinanso mchenga wa quartz suthandiza madzi chilichonse, umangokhala phee. Sindikunena kuti quartz ndi poizoni ayi, alipo anthu kunja kuno amaweta nsomba za mchere pa mchenga wa quartz wotsukidwa bwino wa m'fakitale, koma wa mumtsinje simudziwa zomwe wanyamula, ndipo ife a ku Moatize tisaiwale fumbi la malasha lomwe limatera paliponse ngakhale pa nsima.

Nde woyenera ndi uti?

Dzina loti muligwire ndi aragonite. Ndi calcium carbonate, chinthu chomwecho chomwe makorali (tizamoyo tomanga matanthwe a pansi pa nyanja) ndi nkhono zambiri za m'nyanja zimamangira zigoba zake, nde mukauyala pansi pa thanki mwaika chinthu chomwe nsombazo zinazolowera kwawo. Madzi a m'nyanja pH yake (muyeso wa kuwawasa kwa madzi, ikatsika ndiye kuti awawasa) imakhala cha m'ma 8.1 mpaka 8.3, ndipo aragonite amayamba kusungunuka pang'onopang'ono pH ikatsika, makamaka mkati mwa mchengamo momwe madzi amakhala owawasirapo.

Koma ndikuuzeni zoona, ogulitsa amakokomeza nkhani imeneyi ngati mchengawo ndi sing'anga wochiza zonse. Kusungunukako ndi kochepa, simungadalire mchenga kuti ndiwo ukusungireni alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa pH kutsika) ndi calcium ngati muli ndi makorali, muziyezabe ndi kusintha madzi. Ubwino wake weniweni ndi woti ndi woyera, ndi wofewa poyerekeza ndi quartz, suika zachilendo m'madzi, ndipo mabakiteriya abwino aja amapeza pokhala pambiri.

Ndingadziwe bwanji kuti sanandigulitse mchenga wamba woyera?

Viniga wa kukhitchini, yemweyo wothira mu saladi. Tapani kasupuni ka mchenga wouma muike pa mbale, dontheziranipo viniga. Ukachita thovu n'kumalira kuti tsss ngati Fanta wotsegula kumene, ndi calcium carbonate. Ukangonyowa basi osachita kanthu, ndi quartz, bwezani. Ine ndimayenda ndi kabotolo m'thumba ndikamapita kogula, wogulitsa wina anandiyang'ana ngati ndapenga koma thumba lomwe ankati ndi la ku nyanja silinatulutse thovu ngakhale limodzi.

Viniga sasiyanitsa aragonite ndi miyala ina ya laimu yogaya, zonse zimachita thovu, nde ngati thumba lilibe dzina lililonse yang'anitsitsaninso ndi maso, tinjere ta aragonite timakhala toyera kapena ta pinki pang'ono, nthawi zina mumaona tizidutswa ta zigoba.

Wosalala ngati shuga kapena wa miyalamiyala?

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa chifukwa timasankha ndi maso. Ndiyerekeze ndi zinthu za pa mtondo kuti timvane. Ulipo wosalala kwambiri, tinjere tosakwana milimita 1, uli ngati shuga, pa matumba amalemba oolite kapena sugar fine. Ulipo wapakati, milimita 1 mpaka 2, kukula kwake ngati mawere. Nde pali makorali ogaya, milimita 3 mpaka 5 kapena kuposa, amenewo ali ngati mphale.

Wa shuga uja ndi wokongola zedi, thanki imaoneka ngati gombe la pa kalendala, koma mukangoyatsa pampu yoyendetsa madzi umauluka ngati kamvuluvulu wa mu Okutobala, umaunjikana kona imodzi, kwina galasi la pansi kumaonekera, wina kumakatera pa makorali ndi kulowa mu pampu. Ndipo thanki ya mchere imafuna madzi oyenda mwamphamvu, simungati ndichepetse pampu kuti mchenga ukhale pansi.

Wa mphale uja suuluka, koma pakati pa miyalayo pali mipata, nde chakudya chotsala ndi ndowe za nsomba zimagwera mmenemo n'kumaolera momwemo, pakapita miyezi nitrate (chotsalira cha zonyansa zoolazo) amakwera ndere n'kudzaza. Ukufuna munthu wosatopa kuukoka ndi paipi sabata iliyonse. Komanso nsomba zokumba zimadzicheka nawo.

Wapakati wa ngati mawere uja ndi womwe ndimauza aliyense woyamba kumene. Suuluka chisawawa, subisa zonyansa kwambiri, nsomba zambiri zimakhala nawo bwino. Mukaona matumba a kampani ya CaribSea, wolembedwa Special Grade ndi wa msinkhu umenewu, Fiji Pink ndi wocheperako pang'ono koma nawonso ndi wabwino.

Ndiyale wokhuthala bwanji?

Funso ili ndi lomwe ndimafuna mulimvetsetse kuposa ena onse, chifukwa yankho la munthu wa ku London kapena ku Cape Town si yankho lathu kuno.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuyala pang'ono, masentimita 2 mpaka 4, titi mfundo imodzi kapena ziwiri za chala. Yachiwiri ndi yomwe pa intaneti amaitcha deep sand bed, mchenga wosalala wokuya masentimita 10 mpaka 15. Nzeru yake ndi yoti pansi penipeni pa mchenga wakuya sipafika mpweya wa okosijeni, nde pamakhala mabakiteriya amtundu wina omwe amadya nitrate n'kumusandutsa mpweya wa nitrogen womwe umangotuluka. Zimagwiradi ntchito, si bodza, koma zimafuna tinyongolotsi ndi tizilombo tambirimbiri tamoyo toyendayenda mumchengamo kuti usaume gwa, ndipo tizilombo timeneto kuno ku Tete mukatipeza kuti, nyanja ili kutali makilomita pafupifupi 600.

Ndiye ganizirani kutentha kwathu. Nsombazi zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27, pomwe ife mu Okutobala ndi Novembala panja pamadutsa 40, m'nyumba ya malata osanena. Madzi akatentha amasunga okosijeni wochepa, pomwe mabakiteriya ndi nsomba zimapuma mothamanga. Magetsi akangozima masana otero, mapampu n'kuima, chilichonse chamoyo m'thankimo chimalimbirana kampweya kochepa komweko, ndipo mchenga wakuya wodzaza zonyansa ndi pakamwa pena pakudya nawo. Ine zinandionekera chaka changa choyamba, ndinali nditayala pafupifupi masentimita 12 chifukwa ndinaonera vidiyo, magetsi anapita m'mawa ine ndili ku ntchito, pobwera madzulo nsomba zili pamwamba kukamwa yasa, ndiye mwamantha ndinayamba kusuntha miyala, mchenga unavunduka, pansi pake panali pakuda bii ndipo fungo lomwe linatuluka linali la dzira lovunda lenileni mpaka ana anathawira panja. Ameneyo ndi hydrogen sulfide, ndi poizoni kwa nsomba. M'mawa mwake ndinakwirira zitatu kuseri kwa bafa.

Nde ine kuno ndimati yalani wochepa, masentimita 3 basi, ndalama yotsalayo mugule kapampu ka mpweya koyendera batire ndi fani yopemerera pamwamba pa madzi. Chomwe muyenera kupewa ndi chapakatikati, masentimita 6 kapena 8, chifukwa ndi wakuya mokwana kubisa zoola koma wosakwana kugwira ntchito ya deep sand bed ija.

Anzathu a ku Angónia ndi Tsangano inu nkhani ya kutentha sikukuvutani kwenikweni, inu vuto ndi chisanu cha mu Juni ndi Julaye, mufunika hita, koma za kuya kwa mchenga ndikuuzanibe chimodzimodzi.

Ndigule makilo angati?

Yezani mulitali ndi mulifupi mwa thanki m'masentimita, muchulukitse ndi kuya komwe mukufuna, mugawe ndi 1000, mwapeza malita a mchenga. Lita imodzi ya aragonite wouma imalemera pafupifupi kilo ndi theka. Thanki ya masentimita 100 kwa 40, kuya 3, ndi malita 12, nde makilo 17 kapena 18 akukwanirani, ndipo poti miyala imatenga malo ena, mwinanso utsalako. Kuti muyale masentimita 12 m'thanki yomweyo mufunika makilo oposa 70, tangoganizani kulipira katundu ameneyo pa basi kuchokera ku Maputo kapena ku Johannesburg.

Nanga uja wonyowa wa m'thumba, amati live sand?

Ndi aragonite yemweyo koma amamutsekera m'thumba ndi madzi pang'ono ndi mabakiteriya, akuti thanki ikhwime msanga. Kwa munthu wokhala pafupi ndi sitolo ndi zabwino. Koma taganizani thumba limenelo ulendo wake, lachoka kutsidya kwa nyanja, lakhala m'sitolo miyezi, kenako lakwera thiraki, laima pa boda ya Cuchamano padzuwa tsiku lonse, lafika kuno lili lofunda ngati phala la mwana, mukuganiza zamoyo zatsalamo zingati. Mumalipira mtengo wokwera, komanso mbali ina ya kulemerako ndi madzi. Ngati mwaupeza onani deti pa thumba, ndipo mukatsegula nunkhizani, ukanunkha dzira lovunda utsukeni ngati wouma basi.

Wouma umasanduka wamoyo wokha. Pakapita masabata 4 mpaka 6 mabakiteriya amakhala atamanga, amoniya, poizoni wochokera ku ndowe ndi zoola, amasanduka poizoni wina wotchedwa nitrite, nitrite n'kusanduka nitrate, ndipo muziyeza mpaka amoniya ndi nitrite zifike pa 0 musanaike nsomba. Mukafuna kufulumizako pemphani kapu imodzi ya mchenga wapamwamba kwa mnzanu amene thanki yake ilibe matenda, muthire pa wanuwo, zili ngati kupala moto kwa aneba.

Ndili ndi ulendo wa ku Beira, ndingatapeko wa pagombe?

Musavutike nawo. Gombe la Beira lili pafupi ndi pomwe mitsinje ya Púnguè ndi Búzi imathirira, madzi ake ndi a matope, mchenga wake ndi wochokera kumtunda womwewo, kuwonjezapo doko, mafuta a sitima ndi zonyansa za mumzinda. Mukhala mwanyamula vuto lomwelo la ku Revúbuè koma mwalilipirira thiransipoti.

Mchenga woyera wa makorali umapezeka kumene kuli makorali, monga cha kumpoto ku Pemba ndi zilumba za Quirimbas. Koma malo ngati Bazaruto, lomwe ndi paki ya boma kuyambira 1971, ndi Quirimbas kuyambira 2002, ndi otetezedwa, simungangotola zinthu n'kuika m'chikwama. Makorali olimba alinso pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza zamoyo zogulitsidwa kudutsa malire, kuwadutsitsa pa boda kumafuna mapepala. Komanso mchenga wonyowa wa m'nyanja uli ndi tamoyo tambiri tomwe timafa pa ulendo wa masiku awiri m'chigubu, pofika kuno ndi msuzi wa amoniya.

Wa ku nyanja ya Malawi bwanji? Kapena zigoba zogaya zija timapatsa nkhuku zoikira?

Wa ku Salima kapena ku Mangochi ndi wa madzi opanda mchere ndipo wambiri ndi quartz, uyeseni ndi viniga muona nokha. Koma ngati mukudziwa sitolo ya anthu oweta mbuna, tinsomba ta m'nyanja ya Malawi, funsani, chifukwa oweta mbuna ambiri amagwiritsanso aragonite pofuna kukweza pH, nde thumba lolembedwa za cichlid, banja la mbunazo, nthawi zina mkati mwake ndi chinthu chomwecho, werengani kumbuyo.

Zigoba za nkhuku zija ndi calcium carbonate ndithu, thovu zimachita, koma ndi zakuthwa, ndi zazikulu ngati mphale ija, ndipo zimabwera ndi fumbi ndi zina zosakaniza za ku chigayo. Pa kathanki kosungira nsomba yodwala mwina, pa thanki ya pabalaza ine ayi.

Kodi nsomba zimasankha mchenga?

Zina sizisamala n'komwe. Clownfish ngati zanga zija zimakhala ngakhale pa galasi lopanda kanthu, damsel chimodzimodzi. Koma zilipo zomwe moyo wake uli mumchenga. Ma wrasse amtundu wa Halichoeres amagona atadzikwirira, kukangoyamba mdima kapena akadzidzimuka amalowa pansi kuti tswii osaonekanso mpaka m'mawa, amenewa amafuna wofewa wokuya masentimita 5 kapena kuposa, pa miyala yakuthwa amasupuka khungu. Ma goby a Valenciennea amatapa mchenga ndi kamwa n'kumautulutsira m'makha ngati mayi akupeta, amayeretsa bwino koma m'thanki yatsopano amafa ndi njala poti mumchenga mulibe chakudya. Jawfish amakumba una wake, amafuna wakuya masentimita 10 kupita mtsogolo wosakaniza ndi tizidutswa ta zigoba tomangira khomo. Nde yambani mwalemba nsomba zomwe mukufuna musanagule mchenga, ndipo ngati mwakonda yofuna wakuya, mutha kuika kabakuli ka pulasitiki kodzaza mchenga kuseri kwa miyala m'malo mokuzitsa thanki yonse.

Nditsuke bwanji, ndiyambe kuika chiyani?

Wouma uja uli ndi fumbi loyera lambiri. Thirani pang'onopang'ono mu ndowa, osati thumba lonse kamodzi, thirani madzi, vundulani ndi dzanja, tayani, mubwereze mpaka madzi asiye kuoneka ngati thobwa. Ine ndinatsuka kasanu ndi kawiri ndowa iliyonse mpaka mlamu wanga anafunsa ngati ndayamba bizinesi yoviika mphale. Madzi a pampopi mutha kutsukira koma komaliza tsukuluzani ndi madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), omwewo osungunulira mchere wa thanki. Sopo asayandikire, ndowa ikhale yatsopano osati yochapira.

Miyala iyambe ndiyo kukhala pa galasi, mchenga uzibwera pambuyo kuzungulira miyalayo. Mukasanja miyala pamwamba pa mchenga, tsiku lina nsomba kapena nkhono idzakumba pansi pake, mulu wonse n'kugwera pa galasi usiku. Pothira madzi ikani mbale pa mchenga madziwo azigwera pa mbalepo. Akachitabe mtambo musade nkhawa, masiku awiri atatu amayera.

Mchenga wanga unali woyera, pano wasanduka bulauni, ndalakwa chiyani?

Ngati thanki ili ndi masabata ochepa, palibe chomwe mwalakwa. Ndi ndere zotchedwa diatoms, zimadya silicate wa m'madzi, akatha nazonso zimatha zokha. Zikakana kutha miyezi ikupita, kayikirani madzi omwe mukuwonjezera, makamaka ngati ndi a pampopi kapena a pa mjigo.

Zofiira zoterera zoyalana ngati bulangete, zina zili ndi timathovu pamwamba, zimenezo ndi cyanobacteria, zimakonda pomwe madzi sayenda ndi pomwe chakudya chachuluka. Zikokeni ndi paipi, lozetsani pampu cha komweko, ndipo uzani ana asiye kudyetsa nsomba aliyense akadutsa, kwathu vuto linali limenelo, aliyense amati zikuoneka za njala.

Posintha madzi muzikoka pamwamba pa mchenga ndi paipi, mbali imodzi sabata ino ina sabata ya mawa. Nkhono za Nassarius zikapezeka gulani zingapo, zimakhala zitabisala mumchenga katsinde kokha kali panja, mukangoponya chakudya zimatumphuka ngati ngumbi mvula yoyamba.

Osaika mchenga n'komwe zingatheke?

Zimatheka bwinobwino, ndipo ambiri oweta makorali ovuta amachita dala kuti aziyendetsa madzi mwamphamvu, zonyansa zonse zimaonekera n'kuzikoka mosavuta. Kuipa kwake thanki imachedwa kukhazikika poti mabakiteriya atsala ndi miyala yokha, nsomba zokumba zija simungawete, komanso miyezi yoyamba imaoneka ngati nyumba yosazira. Thanki yosungira nsomba zatsopano kapena zodwala yokha ndiye ikhale yopanda mchenga nthawi zonse, chifukwa mankhwala a copper amamwedwa ndi aragonite, mulingo wake n'kusokonekera.

Mnzanga akusamuka, akundigulitsa thanki ndi mchenga wake womwe, nditenge?

Thanki tengani, miyala tengani muinyamule ili m'madzi ake, koma mchenga wakale wa zaka ukangovundulidwa umatulutsa zonse zomwe unameza. Tapani makapu awiri apamwamba okha muike padera m'madzi a m'thankimo kuti akhale mbewu, wotsalawo mutsuke kwambiri mpaka madzi ayere ndi fungo lithe kenako muuyanike padzuwa, dzuwa lokhalo ndiye kuno sitigula. Pouyanika muuphimbe ndi chitenje chopyapyala chifukwa cha fumbi la malasha lija ndi amphaka a aneba, ine wanga ndinauyanika pa mkeka osaphimba ndipo mphaka anaupeza ndisanabwere ku msika.